Uthenga Wothera Panjira: Apolisi a ku Yorkshire ndi Mlandu wa Peter Sutcliffe

Mwa malamulo onse amene wapolisi amaphunzira asanavale yunifomu, lilipo limodzi looneka lopepuka kwambiri: chinthu choopsa chikachitika, adziwitse mkulu wake mosazengereza. Munthu akapezeka ataphedwa, mwana akasowa, mfuti ikalira, wapolisi amene wayamba kufika pamalopo sayenera kuisunga nkhaniyo m'kabuku kake. Amauza sajeni, sajeni amauza insipekitala, insipekitala amaimba lamya ku likulu ngakhale pakati pa usiku, kufikira uthengawo utamveka kwa munthu amene ali ndi mphamvu zotuma anthu ambiri, magalimoto ndi akatswiri. Chifukwa chake nchodziwika. Wapolisi wa pansi amaona bwino chimene chili pamaso pake, koma saona zochitika m'mzinda wina. Mkulu amayang'anira dera lonse, koma alibe maso ena koposa maso a anyamata ake.

Kulemba lamulo lotere nkosavuta. Chovuta nchakuti pa khwerero lililonse pamakhala munthu woti aweruze ngati nkhaniyo ndi yoyenera kukwera nayo kapena ayi, ndipo kawirikawiri munthuyo amaweruza potsata zimene akuganiza kuti bwana wake afuna kumva. Nkhani ya lero ichokera kumpoto kwa dziko la England, kumene pakati pa 1975 ndi 1980 mwamuna mmodzi, dzina lake Peter Sutcliffe, adapha akazi 13. Apolisi adamfunsa mafunso maulendo 9, ndipo maulendo onsewo adamsiya. Sikuti padalibe omkayikira kapena otsina khutu aboma. Adalipo, ndipo ena mwa iwo adali apolisi amene. Koma uthenga wawo udathera panjira.

Dera la West Yorkshire ndi la mizinda yoyandikana, monga Leeds, Bradford, Halifax ndi Huddersfield, imene idakula kaamba ka mafakitale oomba nsalu za ubweya wa nkhosa. Kufikira 1974 mizinda ya Leeds ndi Bradford idali ndi apolisi akeake, gulu lililonse ndi mkulu wake ndiponso kasungidwe kake ka milandu. Chaka chimenecho boma lidawaphatikiza ndi apolisi a madera ozungulira, nakhala gulu limodzi lokhala ndi likulu ku Wakefield, motsogozedwa ndi a Ronald Gregory. Pamapepala adali amodzi, koma mlandu waukulu koposa m'mbiri yawo udawapeza asanazolowerane.

Pa 30 Okutobala 1975 mtembo wa mayi wa zaka 28, mayi wa ana anayi, udapezeka pa bwalo la masewera pafupi ndi nyumba yake ku Leeds. Adammenya ndi nyundo kumutu, kenaka nkumbaya ndi mpeni. Mu Januwale 1976 mayi wina adaphedwa mofananamo mumzinda womwewo. Popeza imfa zimenezi zidachitikira kumadera kumene amayi oyendayenda ankaima usiku, akuluakulu a polisi adagamula msanga kuti akufuna munthu wodana ndi amayi otere. Anyuzipepala adamutcha Yorkshire Ripper, pokumbukira chigawenga china chimene chidapha akazi ku London mu 1888 osagwidwa.

Chigamulo choyambirirachi chidakhala ngati chisefa. Nkhani yogwirizana nacho inkadutsa, yosagwirizana nacho inkatsalira. Miyezi ingapo mayi wa ku Leeds uja asanaphedwe, mu Julayi ndi Ogasiti 1975, akazi atatu adali atamenyedwa kale kumutu ku Keighley, ku Halifax ndi ku Silsden, ndipo onse adapulumuka. Wa ku Silsden adali mtsikana wa zaka 14, mwana wa sukulu, amene adayenda ndi munthuyo kamtunda ndithu akucheza asanamukanthe. Mtsikanayo adalongosola bwino: mwamuna wa tsitsi lakuda, wa ndevu, wolankhula monga amalankhulira anthu a komweko. Mawu akewo adalembedwa, nasungidwa. Koma mwana wa sukulu wa kumudzi sankagwirizana ndi chithunzi chimene akuluakulu adali nacho, motero mlandu wake sudawerengedwe pamodzi ndi inayo. Sutcliffe adadzavomera yekha mu 1992, atamangidwa kale, kuti amene adamenya mwanayo adali iye.

Mu Juni 1977 adaphedwa mtsikana wa zaka 16 wogwira ntchito m'sitolo ku Leeds. Apolisi ndi anyuzipepala adamutcha woyamba kuphedwa wosalakwa, ngati kuti amayi amene adafa iye asanafe adali ndi mlandu wowayeneretsa nyundo. Mawu ochititsa manyaziwa akuonetsa mmene ankayezera kulemera kwa imfa. Ndi pamenepo pamene a George Oldfield, mmodzi mwa achiwiri kwa a Gregory, woyang'anira nthambi yofufuza milandu, adatenga ntchitoyo m'manja mwawo. A Oldfield adali munthu wakhama, wogwira ntchito usana ndi usiku, ndipo mlanduwo udawalowa mumtima ngati kuti ndi nkhondo ya iwo awiri ndi chigawengacho. Ntchito zawo zina zonse za pa likulu adazisungabe.

Mwayi woyamba waukulu udabwera mu Okutobala 1977. Mayi wina adaphedwa ku Manchester, mzinda wa apolisi ena, ndipo m'chikwama chake mudapezeka ndalama yapepala ya £5, yatsopano ndithu. Atekitivi a ku Manchester, motsogozedwa ndi a Jack Ridgway, adalondola nambala ya ndalamayo mpaka ku banki ya kufupi ndi Bradford, imene idaipereka pamodzi ndi malipiro a antchito a makampani angapo masiku ochepa mayiyo asanaphedwe. Imodzi mwa makampaniwo idali ya malole, ndipo mmodzi mwa madalaivala ake adali Peter Sutcliffe. Adamfunsa kawiri mu Novembala chaka chomwecho. Iye adati usiku umodzi adali pakhomo, usiku wina adali ndi abale pa phwando lolowera nyumba yatsopano. Amuna ofunsidwa adali zikwi zingapo. Apolisi adalemba yankho lake napita kwa wina.

M'chaka cha 1978 apolisi adayamba kubisala m'madera a amayi oyendayenda usiku, akulemba nambala za magalimoto odutsa. Galimoto ya Sutcliffe idaonekera mobwerezabwereza, ndipo adamfunsanso kawiri chaka chimenecho. Womvera angadabwe kuti nanga dzina lotulukira kanayi pa mlandu umodzi lidalephera bwanji kudabwitsa munthu. Yankho lake lili m'chipinda china cha pa polisi ya Millgarth ku Leeds, kumene malipoti onse ankathera. M'chipindamo dzina la munthu aliyense wotchulidwa linkalembedwa pamanja pa khadi, khadilo nkuikidwa m'kabati. Mapepala adachuluka kotero kuti padali mantha akuti pansi pa chipindacho pagumuka, mpaka amisiri adachita kupalimbitsa. Antchito adali ochepa, ndipo nthawi zina ankachotsedwa kuti akathandize kwina. Malipoti ankadikira miyezi asanawerengedwe. Sutcliffe adali ndi makadi angapo m'chipindamo, ndipo makadiwo sadali pamalo amodzi. Chotero wapolisi aliyense wotumidwa kwa iye ankapita ngati woyamba, osadziwa kuti anzake adagogoda kale pa khomo lomwelo.

Tsono padabwera chinthu chimene chidatseka makutu a akuluakulu kotheratu. Mu Malichi 1978 a Oldfield adalandira kalata yochokera ku Sunderland, mzinda wa kumpoto, mtunda wa mamailosi oposa 80 kuchokera ku Leeds. Woilemba ankati ndiye wakuphayo. Ina idapita ku nyuzipepala ya Daily Mirror, yachitatu idabwera mu Malichi 1979, ndipo mu Juni 1979 mudafika tepi. Pa tepiyo mwamuna ankanyogodola a Oldfield, akuwatchula dzina, kuti alephera kumgwira. Kalankhulidwe kake kadali ka ku Sunderland, kosiyana kwambiri ndi ka ku Yorkshire, monga momwe munthu wa ku Kasungu amadziwikira pakamwa akafika ku Mulanje. Akatswiri awiri a zilankhulo a pa yunivesite ya Leeds, a Stanley Ellis ndi a Jack Windsor Lewis, adamvetsera tepiyo, ndipo mawuwo adalondoledwa mpaka kudera lotchedwa Castletown mumzindamo.

A Oldfield adakhulupirira. Tepiyo idaseweredwa pamaso pa atolankhani kumapeto kwa Juni, kenaka pa wailesi, m'malo omwera mowa ndi m'mabwalo a mpira. Munthu ankatha kuimba lamya pa nambala ina nkumva mawuwo. Zikwangwani zoonetsa kalembedwe ka m'makalata aja zidakhomedwa m'misewu. Koma choopsa koposa chidali lamulo limene lidatsika kwa atekitivi: munthu amene salankhula ngati wa ku Sunderland, kapena amene dzanja lake silifanana ndi la m'makalata, angathe kuchotsedwa pa mndandanda wa okayikiridwa. Akatswiri awiri aja adachenjeza kuti wa pa tepiyo mwina ndi wonamiza chabe. Tekitivi wina wa apolisi a Northumbria, kwawo kwa mawuwo, adasanthula makalata aja napeza kuti mulibe chimene munthu sakadachiwerenga m'nyuzipepala. Opulumuka ena adanenetsa kuti amene adawamenya ankalankhula Chingerezi cha ku Yorkshire. Machenjezo onsewa adafika ndithu kumwamba, koma adapeza khomo lotseka.

Pa 29 Julayi 1979, patangopita mwezi umodzi chiseweredwere tepiyo, atekitivi awiri a pansi, a Andrew Laptew ndi a Graham Greenwood, adatumidwa ku nyumba ya Sutcliffe ku Heaton, m'mzinda wa Bradford. Chowatumitsa chidali chakuti galimoto yake idaonekera m'madera a usiku a mizinda itatu, Bradford, Leeds ndi Manchester, ndipo ku Bradford kokha idaonekera maulendo oposa 30. Aka kadali kachisanu kuti Sutcliffe afunsidwe, koma awiriwo sankadziwa. Sadauzidwe za ndalama ya £5 ija. Sankadziwanso kuti mu 1969 munthu yemweyu adagwidwa usiku ku Bradford ali ndi nyundo, nalipitsidwa chindapusa cha £25 pomganizira kuti ankafuna kuthyola nyumba.

Ngakhale adapita m'chimbulimbuli chotero, a Laptew adatuluka m'nyumbamo mtima usakuwakhala m'malo. Nkhope ya munthuyo idafanana kwambiri ndi chithunzi chimene chidajambulidwa potsata mawu a mayi wina amene adapulumuka ku Leeds mu Disembala 1977: tsitsi lakuda, ndevu, maso omwewo. Adali ndi mpata pakati pa mano akutsogolo, monga momwe apolisi ankaganizira za wakuphayo. Adali dalaivala wa lole, ndipo ntchito imeneyi idali pa mndandanda wa ntchito zokayikitsa. Mayankho ake adali ozembazemba. A Laptew adachita chimene lamulo limafuna: adalemba lipoti, nanenamo kuti iwo ndi anzawo sadakhutire, ndi kuti munthuyo afunika kumuona bwino.

Lipotilo lidakwera mpaka kwa a Dick Holland, wachiwiri kwa a Oldfield pa mlanduwo. Monga adadzafotokozera a Laptew pambuyo pake, funso limene adalandira lidali limodzi: kodi munthuyo amalankhula ngati wa ku Sunderland? Atayankha kuti ayi, ndi wa ku Bradford, natchulanso za chithunzi chija, adadzudzulidwa kolimba pamaso pa anzawo, naopsezedwa kuti wotchulanso zithunzi adzamtumiza kukalondolera magalimoto pamsewu. Dzanja la Sutcliffe silidafanane ndi la m'makalata, ndipo nzosadabwitsa, pakuti sadawalembe ndi iye. Lipoti lija lidaikidwa m'kabati.

Apa mpofunika kuimapo pang'ono, chifukwa nkwapafupi kuseka a Holland ndi a Oldfield lero pamene mapeto a nkhani akudziwika. Anthuwa ankalandira mayina ambirimbiri tsiku lililonse, ndipo tekitivi aliyense adali ndi wake womkayikira. Mkulu sangathamangire dzina lililonse. Ayenera kukhala ndi muyeso wosankhira. Kulakwa kwawo sikudali kukhala ndi muyeso ayi, koma kuutenga pa chinthu chimene sichidatsimikizidwe, ndi kuuteteza ndi ukali. Mkulu akakalipira wobweretsa uthenga pagulu, sakhala atakana lipoti limodzi lokha. Onse amene aona amaphunzirapo kuti nkhani ya mtundu umenewo siyenera kukwera, ndipo kuyambira tsikulo amaisefa okha isanachoke m'manja mwawo. Mkuluyo amatsala akumva mawu ake omwe akumbwerera kuchokera pansi, namayesa kuti onse agwirizana naye. A Laptew sadaikakamizenso nkhaniyo. Patapita milungu isanu, kumayambiriro kwa Sepitembala 1979, Sutcliffe adapha mtsikana wophunzira pa yunivesite ya Bradford.

A Oldfield adadwala mtima mu Ogasiti chaka chomwecho, nayamba apuma, koma chikhulupiriro cha tepi chidatsala. Atekitivi a ku Manchester adabwerera ku ndalama ya £5 ija, nawerenganso mosamala pamodzi ndi a banki, mpaka anthu amene akadatha kuilandira adatsala osakwana 300. Sutcliffe adali mmodzi wa iwo. Adafunsidwa mu Okutobala 1979, nafunsidwanso katatu mu Januwale ndi Febuluwale 1980. Mu Juni 1980 apolisi awiri a ku Bradford adamgwira akuyendetsa galimoto ataledzera, kudera la amayi oyendayenda. Iwo adadziwitsa chipinda cha ku Millgarth monga kudayenera, ndipo yankho lidabwera lakuti munthuyo adaonedwa kale, alibe mlandu. Mu Ogasiti adaphanso mayi wina pafupi ndi Leeds.

Mwezi wa Novembala 1980 ndiwo ukuonetsa poyera kufooka kwa njira ya uthenga, pakuti m'masiku khumi okha idaduka kawiri. Madzulo a pa 17, ku Headingley m'mzinda wa Leeds, mnyamata wina wa pa yunivesite adatola chikwama cha mayi m'mbali mwa msewu. Atafika nacho kunyumba, iye ndi anzake adaona madontho a magazi, naimbira apolisi usiku womwewo. Kudabwera apolisi awiri. M'chikwamamo mudali khadi la ku banki lokhala ndi dzina la mwini wake. Apolisiwo adayang'anayang'ana pamalopo kwa mphindi zochepa, nachitenga chikwamacho ngati katundu wotayika. Mumzinda umene akazi adakhala akuphedwa kwa zaka zisanu, chikwama cha mkazi chokhala ndi magazi sichidayesedwe nkhani yodzutsira mkulu. Kutacha mtembo wa mwini wake, mtsikana wa zaka 20 wophunzira pa yunivesite ya Leeds, udapezeka pa thengo pafupi pomwepo. Ameneyu adali wa 13.

Patapita sabata imodzi, mnzake wakale wa Sutcliffe, amene ankayenda naye pa galimoto usiku zaka za m'mbuyo, adalembera apolisi kalata yopanda dzina. Adatchulamo dzina la Sutcliffe, ntchito yake ndi kumene amakhala. Poona kuti kalata yokha siikwana, adapita yekha ku polisi ya Bradford, nafotokozera wapolisi wa pa kauntala zimene adaona, kuphatikizapo usiku wina wa mu 1975 ku Halifax pamene Sutcliffe adatsika m'galimoto kutsatira mayi wina. Wapolisiyo adalemba. Lipoti lake silidafike kwa aliyense woti nkuchitapo kanthu. Kalata ija idafika ku Millgarth, idalembedwa chizindikiro chakuti ndi yofunika msanga, kenaka idaikidwa m'kabokosi ka mapepala odikira kulowa m'kabati. Makalata a anthu ankabwera zikwizikwi masiku amenewo. Idakhala momwemo.

Dziko lidakwiya. Akazi adayenda m'misewu ya Leeds podandaula kuti apolisi akuwauza iwo kuti asatuluke usiku m'malo mogwira wolakwa. Nduna yoona za m'dziko, a William Whitelaw, idatumiza kagulu ka akuluakulu a polisi ochokera m'madera ena kuti akaunike ntchitoyo, ndipo a Oldfield adachotsedwa pa mlanduwo, m'malo mwawo nkuikapo a James Hobson.

Koma amene adamgwira Sutcliffe sadali a kagulu kameneko. Usiku wa Lachisanu pa 2 Januwale 1981, ku Sheffield, mzinda wa apolisi a South Yorkshire, Sajeni Robert Ring ankayendera misewu pamodzi ndi wapolisi wongoyamba kumene ntchito, a Robert Hydes. Mumsewu wa Melbourne Avenue adaona galimoto ya mtundu wa Rover itaima pamdima, mkati muli mwamuna ndi mkazi. Atafunsa pa wailesi za nambala yake, adauzidwa kuti nambalayo ndi ya galimoto ina, ya mtundu wa Skoda. Mwamunayo adapempha kuti akataye madzi kuseri kwa nyumba, ndipo adamlola. Kenaka adamtengera ku polisi pa mlandu waung'ono wakuba nambala za galimoto.

Nambalazo zidabedwa kudera la Dewsbury, ku West Yorkshire, motero m'mawa mwake adamsamutsira kumeneko. Tsono padali lamulo lokhazikika lakuti mwamuna aliyense wogwidwa ali ndi mayi woyendayenda m'njira yokayikitsa, a ku Millgarth adziwitsidwe. Lamuloli silinkafunsa wapolisi kuti iye akuganiza bwanji, kapena kuti munthuyo amalankhula ngati wa kuti. Lamya idaimbidwa. Tekitivi wa gulu lofufuza mlanduwo, Sajeni Desmond O'Boyle, adatumidwa ku Dewsbury, ndipo Sutcliffe, amene pa mlandu wa nambala zokha akadatulutsidwa msanga, adasungidwabe.

Kusungidwako ndiko kudabala zonse. Sajeni Ring atalowanso ntchito usiku wa Loweruka ku Sheffield, adamva kuti munthu wawo uja akadali m'manja mwa gulu la ku Leeds. Pomwepo adakumbukira za kutaya madzi kuja. Adabwerera ku Melbourne Avenue ndi tochi, ndipo kuseri kwa thanki ya mafuta, pa masamba ouma, adapeza nyundo ndi mpeni. Uthenga umenewu sudachedwe panjira. Lamulungu pa 4 Januwale, Insipekitala John Boyle atamuuza kuti zinthu zamuipira, Sutcliffe adavomera, ndipo kulemba zonse zimene adaulula kudatenga maola ambiri. Mpeni wina udapezeka m'thanki ya chimbudzi cha pa polisi ya ku Sheffield, mmene adaubisa usiku womwe adamgwira. Kalata ya mnzake ija idali ikadali m'kabokosi ku Millgarth.

Mlandu udazengedwa ku bwalo la Old Bailey ku London, ndipo pa 22 Meyi 1981 Sutcliffe adapezeka wolakwa pa kupha akazi 13 ndi kufuna kupha ena 7. Adalamulidwa kukhala m'ndende moyo wake wonse. A Whitelaw adatuma a Lawrence Byford, mmodzi mwa oyendera ntchito za apolisi m'dzikomo, kuti afufuze chimene chidalakwika. Lipoti lawo lidatha mu Disembala 1981. Lidadzudzula kwambiri kukhulupirira makalata ndi tepi, lidati chipinda cha ku Millgarth, chimene chidayenera kukhala mtima wa kafukufuku yense, chidasanduka chopinga, ndipo lidaonetsa kuti kufunsidwa kwa mu Julayi 1979 udali mwayi waukulu umene udatayika. Akazi atatu adaphedwa pambuyo pa tsiku limenelo. Nyumba ya malamulo idauzidwa mitu yokha ya lipotilo mu Januwale 1982. Anthu wamba adaloledwa kuliwerenga mu 2006.

Zimene a Byford adalangiza zidasintha upolisi wa ku Britain. Zipinda zolandirira malipoti a milandu ikuluikulu zidayamba kuyendetsedwa mofanana m'dziko lonse, ntchito ya munthu aliyense m'chipindamo ili yodziwika: wolandira, wowerenga, wolemba mayina, wogawa ntchito. Milandu yofanana ikachitika m'madera a apolisi osiyana, padayenera kukhala mkulu mmodzi woyang'anira yonse. Akuluakulu otsogolera kafukufuku adayamba kuphunzitsidwa ntchitoyo mwapadera. Ndipo chapakati pa zaka za m'ma 1980 makadi adalowedwa m'malo ndi kompyuta, m'dongosolo lotchedwa HOLMES, limene likalandira dzina limodzi kawiri limatha kuonetsa. Kompyuta ikadasonkhanitsa makadi a Sutcliffe pamodzi, zimenezo nzoona. Ngati ikadasintha yankho limene a Laptew adalandira, imeneyo ndi nkhani ina, pakuti lipoti lawo silidasochere ayi: lidafika, lidawerengedwa, ndipo lidakanidwa.

Wa pa tepi uja adakhala zaka 26 osadziwika. Mu 2005 akatswiri adayeza malovu otsalira pa envulopu ya imodzi mwa makalata aja, ndipo zotsatira zake zidaloza kwa John Humble, mwamuna wa ku Sunderland, amene adakulira kufupi ndi Castletown, kumene akatswiri a zilankhulo aja adanena. Adavomera kuti adalemba makalatawo ndi kujambula tepiyo. Mu 2006 adalamulidwa kukhala m'ndende zaka 8. A Oldfield sadazione zimenezi, pakuti adamwalira mu 1985. Peter Sutcliffe adafa pa 13 Novembala 2020, ali ndi zaka 74, akadali mkaidi, ndipo tsiku lomwelo mkulu wa apolisi a West Yorkshire, a John Robins, adapepesa kwa abale a ophedwa ndi kwa opulumuka chifukwa cha mawu amene akuluakulu a polisi a nthawi ija ankalankhula ponena za akaziwo.